Sipanala ya Jackie Stewart

Pa 12 Juni 1966 kudagwa chimvula chadzidzidzi pa msewu wa mpikisano wa Spa-Francorchamps, m'mapiri a ku Belgium. Pamene magalimoto ankanyamuka, poyambirapo padali pouma ndithu; koma msewuwo udali wautali makilomita 14, ndipo asadauzungulire ngakhale kamodzi, oyendetsa adangozindikira kuti alowa m'madzi. Mmodzi mwa amene adaterereka adali mnyamata wa ku Scotland, Jackie Stewart. Galimoto yake idachoka mumsewu pa liwiro loposa makilomita 200 pa ola, nikagwera kunsi pafupi ndi nyumba ya mlimi wina. Chitsulo chidapindika ndi kumupanikiza, thanki idang'ambika, ndipo petulo adadzaza pamene iye adakhala. Adatha mphindi ngati 25 ali momwemo, atanyowa thupi lonse, akudziwa kuti kalawi kamodzi kokha nkokwanira kumutha.

Sipadabwere dokotala, sipadabwere ozimitsa moto. Adamupulumutsa ndi oyendetsa anzake awiri, Graham Hill ndi Bob Bondurant, amene nawonso adali atatererekera pafupi pomwepo. Iwowa adachita kubwereka masipanala kwa munthu wina woonerera kuti amasule chiwongolero. Ambulansi itamunyamula, idasochera njira ya ku chipatala cha ku Liège. Kuyambira pamenepo Stewart ankamata sipanala m'kati mwa galimoto yake pa mpikisano uliwonse, kuti wodzamuthandiza asadzavutike kukabwereka.

Mbiri ya Formula One imasimbidwa kawirikawiri ngati mndandanda wa akatswiri ndi zikho zawo. Ine ndifuna tiyione kuchokera pa sipanala imeneyi, pakuti funso limene masewerawa adalimbana nalo zaka zambiri silidali lakuti wothamanga kwambiri ndani, koma lakuti kodi munthu akafa pa bwalo, ndi tsoka chabe kapena alipo amene adalekerera.

Owerenga ena mwina sadaonepo mpikisano umenewu. Galimoto ya Formula One ili ndi mpando umodzi wokha, matayala ake ali poyera, ndipo siyendako pa msewu wa anthu onse. Liwu lakuti formula litanthauza malamulo amene opanga magalimotowa ayenera kutsata, monga kukula kwa injini ndi kulemera kwa galimoto. Mpikisano uliwonse umatchedwa Grand Prix, ndiye kuti mphotho yaikulu m'Chifalansa, ndipo mipikisanoyi imachitika m'maiko osiyanasiyana. Amene wasonkhanitsa mapointi ambiri pakutha pa chaka ndiye katswiri wa dziko lonse lapansi.

Zonsezi zidayambira ku France. Poyamba ankathamanga m'misewu ya anthu, kuchoka mzinda wina kupita wina, mpaka mu 1903 boma lidaimitsira ku Bordeaux mpikisano wochoka ku Paris kupita ku Madrid chifukwa cha kuchuluka kwa maliro. Mmodzi mwa akufawo adali Marcel Renault, wa banja limene lidayambitsa kampani ya Renault. Mu 1906 adachititsa Grand Prix yoyamba pafupi ndi Le Mans, pa msewu wotsekedwa wa makilomita 103, ndipo atathamanga masiku awiri adapambana Ferenc Szisz wa ku Hungary. Koma mpikisano wa dziko lonse monga tiudziwira lero udayamba pa 13 Meyi 1950 ku Silverstone, ku England, Mfumu George VI ikuonerera. Adapambana Giuseppe Farina wa ku Italy pa galimoto ya Alfa Romeo, ndipo ndiye adakhalanso katswiri woyamba chaka chimenecho.

Silverstone lidali bwalo la ndege za nkhondo, ndipo ichi tisachiiwale. Amuna amene ankayendetsa ndi amene ankaonerera adali atangotuluka m'nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, m'mene anthu ankafa zikwizikwi tsiku limodzi. Kwa mbadwo wotere, kufa kwa mnyamata mmodzi pa masewera amene adawasankha yekha sikudali chodabwitsa. Oyendetsa ankavala malaya a manja aafupi ndi kachipewa kansalu kapena kachikopa. Zisoti zolimba zidakhala lamulo mu 1952. Malamba sankamanga, ati kuli bwino kuponyedwa kunja kusiyana ndi kupsera m'kati. M'mbali mwa msewu mudali mitengo, nyumba, mapolo a telefoni ndi mitolo ya udzu, anthu ataima kuseri kwa chingwe.

Mfumu ya nthawi imeneyo idali Juan Manuel Fangio, makaniko wa ku Balcarce ku Argentina, amene adakhala katswiri kasanu, mu 1951 ndi kuyambira 1954 mpaka 1957, pa magalimoto a makampani anayi. Mpikisano wake wotchuka koposa ndi wa ku Nürburgring ku Germany mu 1957, pamene ali ndi zaka 46 adatsalira kutali chifukwa chochedwa posintha matayala, koma adathamangitsa anyamata awiri a Ferrari, Mike Hawthorn ndi Peter Collins, mpaka kuwapitirira mpikisano uli pafupi kutha. Pambuyo pake iye mwini adavomera kuti sadafunenso kudzayendetsa motero pa moyo wake. Adapuma mu 1958, nafa ali nkhalamba mu 1995. Anyamata awiri aja sadakalambe. Collins adafera pa msewu womwewo mu 1958, chaka chimene adafanso Luigi Musso ku Reims, ndi Stuart Lewis-Evans amene adapsa pa mpikisano wa ku Morocco. Hawthorn adatenga ukatswiri chaka chimenecho, nasiya masewerawa mtima uli wosweka, koma patangopita miyezi itatu adafa pa ngozi ya pamsewu ku England. Ndi m'zaka zomwezi pamene nyuzipepala ya ku Vatican, L'Osservatore Romano, idafanizira Enzo Ferrari ndi Saturn, mulungu wa m'nthano za Aroma amene ankadya ana ake omwe.

Oonerera nawonso sadapulumuke. Mu 1955 ku Le Mans, pa mpikisano wa mtundu wina wa maola 24, galimoto ya Mercedes idaulukira m'khamu ndi kupha anthu oposa 80. Mpikisano udapitirira. Mu 1961 ku Monza, ku Italy, Wolfgang von Trips adafa pamodzi ndi oonerera 15. Mpikisano udapitirira. Mawu awiriwa tikumana nawonso.

Akuluakulu a masewerawa adali ndi yankho lawo, ndipo si lopusa kotheratu. Ankati palibe amene adakakamiza anyamatawa. Walira mvula walira matope. Ankatinso ukachotsa imfa wachotsa ulemerero, pakuti chimene anthu amadzaona ndi munthu wolimba mtima akuyenda m'mphepete mwa manda. Nzoona kuti munthu wamkulu ali ndi ufulu wosankha ntchito yoopsa. Msodzi amene amalowa m'nyanja usiku nayenso amadziwa za mwera. Koma yankholi lidabisa chinthu chimodzi. Ambiri mwa anyamatawa sadafe chifukwa cha liwiro lokha ayi. Adafa chifukwa mtengo sudadulidwe, chifukwa chozimira moto chidali kutali, chifukwa mwini bwalo adaona kuti mpanda wachitsulo ndi wodula. Woyendetsa adavomera kuti angathe kulakwitsa pokhota. Sadavomere kuti akalakwitsa, anthu adzangoima nkumuyang'ana akupsa. Lorenzo Bandini adapsa motero ku Monaco mu 1967, mitolo ya udzu ija ikukolezera moto, nafa patapita masiku atatu.

Pa nthawiyi magalimoto adali atasintha. Kampani yaing'ono ya Cooper idaika injini kumbuyo kwa woyendetsa, ndipo Jack Brabham atapambana nayo mu 1959 ndi 1960, onse adatsatira. Colin Chapman wa kampani ya Lotus adapanga magalimoto opepuka koposa, woyendetsa atagona chagada pakati pa mathanki a petulo. Mu 1966 malamulo adalola kuti injini zikule kawiri. Liwiro lidakwera, koma misewu idakhala yomwe ija. Tsono pa 7 Epulo 1968 Jim Clark adawomba mitengo ku Hockenheim pa mpikisano waung'ono wa Formula Two. Clark adali mlimi wa nkhosa wa ku Scotland, wofatsa, katswiri wa 1963 ndi 1965, amene anzake onse ankamudziwa kuti salakwitsa wamba. Imfa yake idachotsa bodza limene aliyense ankadzitonthoza nalo, lakuti amafa ndi osadziwa kuyendetsa. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe.

Stewart sadafune kudikira mawalo. Adayamba kuyendera mabwalo, kuwerenga mitengo ndi maenje, kufuna mipanda yachitsulo, madokotala, zovala zosagwira moto msanga ndi zisoti zophimba nkhope yonse. Pogwiritsa ntchito bungwe la oyendetsa, adakana kuthamanga ku Spa mu 1969, ndipo mu 1970 adakana Nürburgring mpaka itakonzedwa. Adatukwanidwa kwambiri. Atolankhani ena ndi oyendetsa akale ankamunena kuti ndi wamantha, wofuna kuwononga masewera a amuna. Chimene chidamuteteza nchakuti palibe amene akadamuposa pa msewu: mu 1968 adapambana ku Nürburgring komweko m'chifunga ndi mvula, dzanja lili lovulala, atasiya wachiwiri ndi mphindi 4 zathunthu, ndipo adakhala katswiri mu 1969, 1971 ndi 1973. Nzachisoni kuti choonadi chidayenera kudikira munthu wa zikho kuti chimveke. Akadanena womaliza pa mzere, bwenzi atangomuseka. Ngakhale zidali tero, zinthu zidayenda pang'onopang'ono. Jochen Rindt adafa ku Monza mu 1970 ali patsogolo pa mapointi, palibe amene adamupeza, ndipo chikho cha dziko lonse adakalandira ndi mkazi wake wamasiye. Malamba adakhala lamulo mu 1972.

Tsiku limene ndiliona ngati lamanyazi koposa m'mbiri yonseyi ndi 29 Julayi 1973, ku Zandvoort ku Holland. Roger Williamson, mnyamata wa zaka 25 amene adali pa Grand Prix yake yachiwiri yokha, adawomba mpanda, galimoto nigudubuzika, nikaima chadodolido moto ukuyaka. Sadavulale kwambiri, adali moyo m'katimo. Mnzake David Purley adaimitsa galimoto yake, nawoloka msewu wapansi, nayesa yekha kutembenuza galimoto yoyakayo. Ogwira ntchito pa bwalo adali pomwepo, koma adalibe zovala zoteteza ku moto ndipo sadathe kuyandikira. Purley adalanda chozimira moto chimodzi chimene chidalipo, nachipopera mpaka chidatha. Adakodola oyendetsa ena kuti aime, koma iwo poona munthu ataima pambali pa galimoto yoyaka adaganiza kuti mwini wake watuluka bwino. Oyang'anira sadaimitse mpikisano, ndipo chifukwa cha ichi galimoto ya ozimitsa moto idachedwa kufika. Williamson adafa chifukwa chosowa mpweya. Zonsezi zidaoneka pa wailesi ya kanema m'nyumba za anthu: mwamuna mmodzi akukankha chitsulo chotentha ndi manja ake, kenaka akuchoka mutu uli pansi, magalimoto akudutsabe. Purley adalandira mendulo ya George Medal. Wopambana tsikulo adali Stewart. Patangopita miyezi iwiri ndi masiku ochepa, François Cevert, mnzake wa m'timu imodzi amene ankamuphunzitsa ngati mng'ono wake, adafa poyeserera ku Watkins Glen ku America. Mawa lake ukadakhala mpikisano wa 100 wa Stewart, ndiponso womaliza. Sadathamange.

Amene adatenga nkhondoyi pambuyo pake ndi Niki Lauda wa ku Austria. Mu 1976 adapempha anzake kuti akane Nürburgring, pakuti msewu wa makilomita pafupifupi 23 wodutsa m'nkhalango sungathe kukhala ndi othandiza okwanira. Adagonja pa voti. Pa 1 Ogasiti, pa mpikisano womwewo, Ferrari yake idawomba mpanda ndi kuyaka, ndipo monga zidachitikira Stewart zaka 10 m'mbuyomo, adamutulutsa ndi oyendetsa anzake: Arturo Merzario, Brett Lunger, Guy Edwards ndi Harald Ertl. Adapsa kumutu ndi kumaso, ndipo utsi udawononga mapapo ake kotero kuti m'chipatala adaitana wansembe kudzamudzoza. Lauda ankasimba pambuyo pake kuti zimenezi zidamukwiyitsa, pakuti ngakhale sankatha kuyankha ankamva zonse, ndipo chimene ankafuna ndi mawu omulimbikitsa kuti akhale moyo. Amene timaitanidwa pa bedi la odwala tili ndi choti tiganizirepo apa. Patapita masabata 6 adathamanganso ku Monza, zilonda zikuchuchabe magazi m'chisoti, namaliza wachinayi.

Dziko lonse lidatama kulimba mtima kumeneku. Koma kwa ine kulimba mtima kwake kwenikweni kudaoneka pa mpikisano womaliza wa chakacho, ku Fuji ku Japan. Adafika ali patsogolo pa James Hunt ndi mapointi 3. Mvula idagwa yoti munthu sangaone kutsogolo. Atazungulira kawiri, Lauda adaimitsa galimoto ndi kutsika. A Ferrari adafuna kulengeza kuti galimoto yawonongeka. Iye adakana, nanena poyera kuti waima yekha chifukwa moyo wake ndi woposa chikho. Hunt adamaliza wachitatu natenga ukatswiri ndi pointi imodzi. Nyuzipepala za ku Italy zidamunyoza Lauda. Koma mbewa ya manyazi idafera kuuna, ndipo anyamata ambiri a zaka za m'mbuyomo adafa chifukwa choopa kunenedwa amantha. Lauda adakhalanso katswiri mu 1977 ndi 1984.

Kuno ku Africa mpikisanowu unkachitikira kwambiri ku Kyalami, kumpoto kwa Johannesburg, kumene John Love wa ku Bulawayo adatsala pang'ono kupambana mu 1967, ndipo dziko la South Africa lidabala Jody Scheckter, katswiri wa 1979. Grand Prix yomaliza kumeneko idali ya 1993. Komweko, pa 5 Malichi 1977, mnyamata wa zaka 19 wogwira ntchito pa bwalo adawoloka msewu atanyamula chozimira moto kuti akathandize galimoto ina. Tom Pryce sadathe kumuona, ndipo onse awiri adafera pomwepo. Mnyamatayo sankalandira mamiliyoni ndipo palibe chikho chimene ankafuna. Amene amati onse adasankha okha sadatiuze kuti iyeyu adasankha chiyani.

Kusintha kwenikweni kudadza mu 1978, pamene Bernie Ecclestone, mtsogoleri wa eni matimu, adalemba ntchito Sid Watkins, dokotala wa opaleshoni ya ubongo wa ku London. Ronnie Peterson atafa chifukwa cha ngozi ya poyambira ku Monza chaka chomwecho, Watkins adalamula kuti galimoto ya dokotala izitsatira othamanga pa kuzungulira koyamba, ndipo adaumirira kuti bwalo lililonse likhale ndi chipatala chake ndi helikopita. Mu 1981 kampani ya McLaren idabweretsa galimoto ya carbon fibre, yopepuka koma yolimba koposa chitsulo. Tisadzinamize kuti zonsezi zidachokera m'chifundo chokha. Kuyambira 1968 magalimoto adavala maina a makampani, makamaka a fodya, ndipo ndalama zidayamba kuchokera ku wailesi ya kanema. Palibe wamalonda amene afuna dzina lake lioneke likuyaka pamodzi ndi munthu. Chikumbumtima ndi thumba zidakumana panjira, ndipo sindikhulupirira kuti chikumbumtima chikadafika msanga chikadayenda chokha.

Gilles Villeneuve ndi Riccardo Paletti atafa mu 1982, padapita zaka 12 popanda woyendetsa kufera pa Grand Prix, ngakhale Elio de Angelis adafa poyesa galimoto mu 1986. Anthu adayamba kuganiza kuti nkhaniyi yatha. Kenaka kudadza Imola mu 1994. Loweruka pa 30 Epulo adafa Roland Ratzenberger wa ku Austria. Watkins, poona Ayrton Senna akulira, adamulangiza kuti asiye zothamangazi azikawedza nsomba limodzi. Senna, katswiri katatu, adati sangathe. Mawa lake adawomba khoma pa kona ya Tamburello, nafa ali ndi zaka 34. M'galimoto mwake adapezamo mbendera ya Austria yopindidwa, imene adafuna kuikweza pomaliza pokumbukira mnzake. Dziko la Brazil lidalira masiku atatu. Ulendo uno palibe amene adayerekeza kunena kuti imfa ndi mbali ya masewera. Bungwe la FIA, lotsogozedwa ndi Max Mosley, lidasintha makona oopsa, lidakweza mbali za galimoto kuti ziteteze mutu, lidamangirira matayala ndi zingwe kuti asauluke, ndipo mu 2003 lidalamula chogwiriziza khosi chotchedwa HANS.

Jules Bianchi adawomba thalakitala yonyamula galimoto ina ku Suzuka mu 2014, nafa mu Julayi 2015. Mu 2018 adaika pa galimoto iliyonse chitsulo chozungulira pamwamba pa mutu wa woyendetsa, chotchedwa halo. Mawu akale aja adamvekanso, akuti nchonyansa, chikuwononga masewera, ndipo chodabwitsa nchakuti mmodzi mwa odandaula adali Lauda yemwe. Komanso halo siyidathetse zonse: mu 2019 Anthoine Hubert, wa zaka 22, adafa pa mpikisano wa Formula Two ku Spa, kumene Stewart adagwera.

Pa 29 Novembala 2020 ku Bahrain, pa kuzungulira koyamba, galimoto ya Romain Grosjean idaboola mpanda wachitsulo, niduka pakati, niyaka. Halo idakankha mpandawo pamwamba pa mutu wake. Mpikisano udaimitsidwa nthawi yomweyo. Galimoto ya dokotala, imene imatsatirabe kumbuyo monga adalamulira Watkins, idafika m'masekondi owerengeka, ndipo Dokotala Ian Roberts adayandikira malawi wina akupopera chozimira moto. Pasadathe masekondi 30 Grosjean adatuluka yekha m'motomo, nsapato imodzi itatsalira m'galimoto, atapsa kumanja kokha. Usiku womwewo, ali m'chipatala manja atakulungidwa m'mabandeji, adauza anthu kuti iye adali mmodzi mwa amene ankakana halo, ndipo kuti popanda iyo sakadakhala akulankhula nawo.